Banga la pansalu ya m'boti ndi mthenga, asamangolikwecha

Munthu akalipira ndalama yapadera kuti agone m'kachipinda ka m'boti kapena m'sitima ya pamadzi, chimene maso ake amakhalitsapo si nyanja ayi. Nyanja amaiona masana ali panja. Usiku akagona chagada maso amakhala kudenga, ndipo kudengako nthawi zambiri kumakhala nsalu imene amisiri adamata kuti ibise chitsulo kapena matabwa. Pansalupo ndi pamene pamaoneka chibanga chofiirira chonga mapu a dziko, timadontho takuda m'makona, komanso kafungo konga ka malaya amene adaiwalika m'beseni masiku atatu.

Wapaulendo akaona zotere sachedwa kuweruza kuti eni botiwo ndi auve. Mwini boti naye akamva dandaulo sachedwa kutuma mnyamata kukagula botolo la Jik ndi burashi, n'kumulamula kuti akweche mpaka payere. Pakatha milungu itatu banga lija limabwerera pamalo omwe aja, mwinanso litakula, ndipo nsalu imakhala itayamba kumatuka n'kumalendewera. Apa mwini boti amaloza chala apaulendo, apaulendo amaloza chala mwini boti, pomwe wopalamula weniweni, amene ndi madzi, akupitiriza ntchito yake mwakachetechete kuseri kwa nsalu.

Chimene onsewa amaphonya n'chakuti banga la m'boti ndi mthenga. Limabwera kudzanena kuti penapake pakulowa madzi, kapena kuti m'chipindamo mpweya sukuyenda. Kulikwecha uthenga wake usanamveke kuli ngati kuthamangitsa mwana amene wathamangira kudzanena kuti nkhokwe ikupsa, chifukwa choti walowa m'nyumba ndi matope kumapazi.

Nsaluyo siili pamenepo pofuna kukongoletsa kokha

Boti la chitsulo kapena la fayiba likakhala padzuwa la October limatentha ngati chiwaya, ndipo usiku wa June limazizira ngati mwala wa kudambo. N'chifukwa chake okonza maboti amamata nsalu m'kati mwa zipinda zogona, kudenga ndi m'mbali. Nsalu zambiri zotere zimakhala ndi kasiponji kopyapyala kuseri kwake. Zina zimakhala za pulasitiki yooneka ngati chikopa, zina zimakhala ngati kalapeti wopepuka. Ntchito yake ndi kuchepetsa kutentha ndi kuzizira, kuchepetsa phokoso la injini, ndi kubisa mabawuti ndi mawaya a magetsi.

Vuto lagona pa kubisako. Nsalu imene imabisa mabawuti ndi yomweyo imene imabisa bawuti imene yayamba kudontha. Mwini boti sangaone dzimbiri likuyamba kapena thabwa likufewa, pokhapokha nsaluyo itamuuza. Ndipo nsalu ili ndi njira imodzi yokha yolankhulira: kuthimbirira.

Sitima yodziwika kwambiri panyanja ya Malawi, MV Ilala, idapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotland. Idabwera kuno ili zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique ndipo idayamba kunyamula anthu mu 1951. Ndi yachitsulo, yotalika mamita 52, ndipo mu 2021 idakwanitsa zaka 70 ili pantchito. Chitsulo sichikhala zaka zonsezo pamadzi mwa mwayi chabe. Chimakhalitsa chifukwa kudoko la Monkey Bay kwakhala kuli amisiri amene ntchito yawo ndi kusaka dzimbiri lisanakule. Maboti ang'onoang'ono a malo ogona alendo ku Mangochi, Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay, komanso aja onyamula anthu ndi katundu kupita ku Likoma ndi Chizumulu, ambiri alibe amisiri otere. Kwa iwo, banga la pansalu, pakhushoni kapena patenti ndiye woyendera boti amene safuna malipiro.

Madzi amachokera kuti?

Njira yoyamba ndi yochokera kumwamba. Paliponse pamene mmisiri adaboola denga la boti kuti amange chitsulo chogwirira, nyale, mlongoti kapena zenera, pali khomo la madzi. Poyamba pamakhala potsekedwa bwino ndi labala, phula kapena silikoni, koma dzuwa limaumitsa zinthu zimenezi ndipo kugwedezeka kwa boti pamafunde kumazing'amba. Mvula ya December mpaka April, makamaka kumadera a mvula yambiri ngati Nkhata Bay, imapeza njira. Mwera ukawomba pakati pa May ndi September, mafunde amamwaza madzi padenga ndipo nawonso amalowera pomwepo.

Amisiri a maboti amadziwa kuti madzi opanda mchere amaoletsa matabwa msanga kuposa madzi a m'nyanja za mchere, chifukwa mchere umalepheretsa tizilombo toolesa matabwa kuswana. Madzi a mvula alibe mchere, ndipo a nyanja ya Malawi nawonso alibe. Izi zikutanthauza kuti dontho lililonse lolowa m'thabwa la boti la kuno ndi la mtundu woolesa uja.

Njira yachiwiri ndi yochokera m'kati momwemo, ndipo ndi imene imadabwitsa anthu ambiri chifukwa banga limatuluka ngakhale mvula isanagwe. Aliyense amene adagonapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i m'mwezi wa June amadziwa madontho amene amagwa m'bandakucha kunja kulibe mtambo. Ndi zomwe zimachitika pachivundikiro cha poto kapena pabotolo la chakumwa chozizira: mpweya wofunda wokhala ndi nthunzi ukakhudza chinthu chozizira, nthunziyo imasanduka madzi.

Munthu mmodzi akagona usiku wonse amatulutsa madzi okwana kapu imodzi kapena kuposerapo kudzera m'kupuma ndi thukuta. Anthu anayi m'kachipinda kotseka ndiye kuti lita yathunthu ili mumpweya pofika m'mawa. Nyale kapena chitofu cha parafini chimawonjezera, pakuti lita imodzi ya parafini ikapsa imatulutsa nthunzi yokwana pafupifupi lita imodzi ya madzi. Madzi onsewa amathera pachitsulo chozizira cha kuseri kwa nsalu, kenako kasiponji kaja kamawamwa.

Njira yachitatu ndi yochokera pansi. Madzi amene amakhala m'munsi mwa boti, pansi pa matabwa opondapo, akasiyidwa osakapidwa amasanduka nthunzi masana, n'kukwera m'chipinda pamodzi ndi fungo la dizilo ndi nsomba.

Chinthu china chofunika kudziwa n'chakuti madzi sadontha pamene alowera. Amayenda motsatira chitsulo, waya kapena thabwa, ndipo akhoza kutulukira mita yathunthu kutali ndi bowo lenileni. Mmisiri wodekha amamatula nsalu pang'ono, amaumitsa, amapaka choko kapena kuwaza paudala pachitsulo, kenako amauza mnzake kuti azithira madzi padenga kachigawo kamodzi pa nthawi, kuyambira kumunsi kupita kumtunda. Mzere umene madzi ajambule m'chokomo ndi umene umamufikitsa pabowo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Banga lililonse lili ndi nkhani yake

Banga lofiirira ngati tiyi, lozungulira, lokhala ndi mzere woderapo m'mphepete, ndi la madzi odontha amene adutsa m'thabwa n'kutenga utoto wake. Ngati mizereyo ili ingapo, wina m'kati mwa unzake, ndiye kuti kudonthako kwachitika kambirimbiri.

Banga lofiira ngati katondo, laling'ono, kawirikawiri ali angapo mumzere umodzi, ndi dzimbiri la misomali, mabawuti kapena timawaya timene adakhomera nsalu. Ili likunena kuti chitsulo chimene chikugwira chinachake pamalo pake chikudyeka.

Timadontho takuda kapena tobiriwira, makamaka m'makona, kuseri kwa makatani ndi pansi pa matiresi, ndi nguwi. Nguwi ndi m'bale wake wa chuku chimene chimagwira chimanga ndi mtedza wosauma bwino. Ndi chamoyo, chimamera, ndipo chimadya fumbi, thukuta ndi mafuta a m'thupi amene amatsalira pansalu. Ichi n'chifukwa chake chimamera ngakhale pansalu ya pulasitiki imene pachokha sichingaidye.

Banga lachikasu lofalikira paliponse kawirikawiri ndi guluu wakale amene watha mphamvu ndi kutentha, kapena utsi wa fodya. Banga la pinki pansalu ya pulasitiki limachokera ku mabakiteriya amene amamera m'siponji yonyowa n'kutulutsa utoto umene umalowerera pulasitikiyo kuchokera kuseri, choncho kukwecha kutsogolo sikulichotsa. Timabanga todera pafupi ndi nyale, panyanja ya kuno, nthawi zambiri ndi nkhungu, tintchentche tija timatuluka m'madzi ngati utsi, timene timakonda kuwala ndipo anthu amatiphwanyira pansalu pofuna kutithamangitsa.

Koma pali mabanga awiri amene sayenera kudikira tsiku lochapa. Loyamba ndi lonyowa, lonyezimira, lonunkha dizilo kapena petulo, chifukwa likutanthauza kuti paipi kapena thanki ya mafuta ikudontha. Lachiwiri ndi mwaye wakuda pafupi ndi chipinda cha injini, umene ukhoza kutanthauza kuti utsi wa injini ukulowa mogona anthu. Utsi umenewu umakhala ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka, sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Mwini boti amene angapukute mwaye wotere n'kupitiriza ulendo ndiye kuti wafufuta chenjezo lomaliza.

Kuchapa kuli ndi dongosolo lake

Choyamba ndi kutseka pamene madzi akulowera. Chachiwiri ndi kuumitsa. Bungwe loona za chilengedwe ku America la EPA limalangiza kuti chinthu chimene chanyowa chiumitsidwe pasanathe maola 24 mpaka 48 ngati munthu akufuna kuti nguwi isamere, komanso kuti chinyezi cha mumpweya wa m'chipinda chisamapose 60 peresenti. Panyanja sizophweka kutero, koma kutsekula mazenera mbali zonse ziwiri kuti mphepo izidutsa, kuimika matiresi chilili masana, ndi kutulutsa makhushoni padzuwa boti likaima padoko, sikulira tambala iliyonse.

Kuchapa kwenikweni kumabwera kachitatu, ndipo kumafuna dzanja lofewa. Chilichonse chimene chingachotsedwe chitulutsidwe panja ndi kukunthidwa kapena kupukutidwa ndi burashi yofewa chili chouma, kuti fumbi la nguwi lisafalikire m'chipinda. Wogwira ntchitoyo avale magolovesi ndi chotseka pamphuno. Mankhwala aliwonse ayesedwe kaye pakona yobisika, chifukwa nsalu zina zimasuluka ngakhale ndi viniga.

Pansalu yomatidwa kudenga, mdani wamkulu ndi madzi ambiri ndi burashi yolimba. Madzi akalowerera amasungunula guluu, ndipo burashi imang'amba kasiponji ka kuseri. Njira yabwino ndi kunyika kansalu koyera m'madzi ofunda a sopo pang'ono, kukafinya, n'kumakadidikiza pabanga kuti kamwe litsiro, kuyambira m'mphepete kulowera pakati. Banga la madzi odontha likachapidwa lokha limasiya mzere watsopano pamene madzi ochapira athera, choncho ndi bwino kupukuta chigawo chonse kuchokera pamsoko mpaka pamsoko wina, n'kuchisiya chiume ndi mphepo.

Nguwi yongoyamba kumene imagonja ndi viniga woyera wa m'golosale, amene amakhala ndi asidi wokwana pafupifupi 5 peresenti. Amawazidwa pang'ono, n'kusiyidwa kwa ola limodzi, kenako n'kupukutidwa ndi kansalu konyowa. Dzimbiri limagonja ndi madzi a mandimu osakaniza ndi mchere, ndipo ngati nsaluyo ingachotsedwe, kuiyanika padzuwa mandimuwo ali pomwepo kumathandiza. Koma msomali wa dzimbiri uja ukapanda kusinthidwa ndi wosachita dzimbiri, mandimu a m'munda wonse adzatha banga likubwererabe.

Oyilo, girisi ndi mafuta ophikira amafuna kaye chinthu chowayamwa: paudala, choko chopera kapena ufa woyera, zimene zimasiyidwa pabangapo kwa maola angapo zisanasasidwe. Kenako sopo wamadzi wotsukira mbale amamaliza ntchito. Magazi, kaya a munthu kaya a nsomba, amachapidwa ndi madzi ozizira, chifukwa madzi otentha amawaphika n'kuwamatirira ku ulusi, monga dzira limaumira m'chiwaya. Masanzi, amene sasowa m'boti mwera ukavuta, amayamba akokoledwa, pamalopo n'kupukutidwa ndi madzi ozizira a sopo, kenako n'kuwazapo soda kuti amwe fungo. Mwaye susowa kunyowetsedwa poyamba. Umasasidwa uli wouma, apo ayi umasanduka inki.

Petulo ndi mafuta osungunulira penti asalowe n'komwe m'chipinda cha boti. Amasungunula guluu ndi siponji, komanso nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, motero imatsikira pansi pa boti n'kukhala pamenepo kudikira machesi kapena kuthetheka kwa waya wa batire.

Jik si mankhwala a banga lililonse

M'makomo ambiri muli chikhulupiriro chakuti chimene chakanika sopo, Jik achita. Jik amene amagulitsidwa m'magolosale amakhala ndi mankhwala a sodium hypochlorite okwana 3.5 peresenti, ndipo ndi wabwino kupha tizilombo pasimenti, pamatailosi ndi m'chimbudzi. Nsalu zina za maboti, zimene ulusi wake udapangidwa uli kale ndi mtundu, zimapirira Jik wosungunulidwa m'madzi ambiri malinga atsukuluzidwe bwino. Koma nsalu zambiri sizitero. Jik amasulutsa mtundu, amafooketsa ulusi wa thonje ndi nayiloni, ndipo amadya misoko.

Pa dzimbiri, Jik amachita zosiyana ndi zimene munthu akufuna, chifukwa amalikhwimitsa n'kulisiya lowala kuposa kale. Pa nguwi imene yalowa m'siponji, amayeretsa pamwamba pokha mizu ili m'kati, ndipo madzi amene wabwera nawo amathirira mizuyo. Ndiye chifukwa chake banga limabwerera.

Choopsa kwambiri ndi kusakaniza. Munthu akaona kuti viniga sadagwire ntchito, n'kuthirapo Jik pamwamba, zinthu ziwirizi zimatulutsa mpweya wa chlorine, womwe uja udagwiritsidwa ntchito ngati chida chophera asilikali ku Ypres m'dziko la Belgium mu 1915. Jik akakumana ndi mandimu, mankhwala otsukira chimbudzi okhala ndi asidi, kapena mankhwala okhala ndi ammonia, amatulutsanso mpweya wotentha maso ndi mapapo. Ngakhale matiresi onyowa ndi mkodzo ayenera kutsukuluzidwa ndi madzi kaye. Kachipinda ka m'boti ndi kakang'ono, kali ndi khomo limodzi, ndipo amene amapuma mpweyawo si mwini boti, koma mnyamata waganyu amene wapatsidwa botolo popanda malangizo. Safunsa adadya phula, koma apa wolakwa ndi amene sadamuuze.

Pali chinthu china chimene chimakhala m'malo achinyezi omwewa: majekete opulumutsira moyo. M'maboti ambiri amawaunjika pansi pa mipando ali onyowa. Jekete yochita nguwi ikunena kuti ikusungidwa molakwika, ndipo kuinyika mu Jik kuti ioneke bwino kumafooketsa malamba ndi misoko imene iyenera kugwira munthu tsiku la ngozi. Jekete imachapidwa ndi sopo wamba, imaumitsidwa pamthunzi pamene pali mphepo, ndipo malamba ake amakokedwa mwamphamvu kuona ngati akadali olimba. Imene yang'ambika kapena yauma gwa ndi yotaya.

Nanga ndalama zake zichokera kuti?

Eni maboti ali ndi yankho lawo, ndipo si lopanda nzeru. Mafuta ndi okwera mtengo, zipangizo za injini zimachokera kunja, ndipo tsiku lililonse limene boti laima ndi tsiku lopanda ndalama. Apaulendo nawo amakwera ndi madengu a usipa, matumba a chinangwa, nkhuku ndi ana odwala. Ena amapukutira manja a nsomba pakatani, ena amazimitsira ndudu pakhushoni. Kodi munthu angalimbane ndi banga pamene injini ikufuna mapisitoni?

Mfundo imeneyi ikadakhala yomveka kwathunthu banga likadakhala nkhani ya kukongola kokha. Koma chubu chimodzi cha silikoni ndi theka la tsiku la mmisiri sizingafanane ndi mtengo wosintha denga loola, mawaya a magetsi amene adyeka ndi chinyezi, kapena matiresi onse a m'boti. Mwini boti amene akuti alibe ndalama yotsekera bowo akungosankha kudzalipira yambiri m'tsogolo, boti litaima milungu ingapo m'malo mwa tsiku limodzi.

Palinso nkhani ya umoyo. Mu 2009 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo okhudza chinyezi ndi nguwi m'malo okhala anthu, ndipo lidati anthu okhala m'malo otere amakhala pachiopsezo chachikulu cha kutsokomola, kubanika, matenda a m'chifuwa ndi kukula kwa mphumu. Wapaulendo amagonamo usiku umodzi kapena awiri, koma woyendetsa, makaniko ndi wophika amagonamo chaka chonse. Ndipo pakati pa apaulendo pamakhala makanda, okalamba ndi odwala amene akupita kuchipatala chachikulu kumtunda.

Pamene eni maboti akunena zoona ndi apa: si boti lililonse limene liyenera kukhala ndi nsalu yomatidwa. Boti lonyamula nsomba, simenti ndi mbuzi lingachite bwino ndi denga lopentedwa limene likhoza kutsukidwa ndi ndowa ya madzi, ndi makhushoni okhala ndi zikuto za zipi zochotsa n'kuchapa. Amene akufunabe nsalu angaimate pamatabwa opyapyala omangidwa ndi masikuluwu, kuti mmisiri azitha kutsitsa chigawo chimodzi n'kuona kuseri. Telala ndi kalipentala wa pamsika wa Nkhotakota, Salima kapena Karonga akhoza kugwira ntchito imeneyi popanda kuitanitsa chilichonse kunja.

Nthawi zinanso kuchapa kumakhala kutaya nthawi. Ngati munthu adina nsalu ndi chala n'kumva kasiponji kakufumbutuka ngati ufa, ngati nsalu ikulendewera malo ambiri, kapena ngati fungo likubwerera nsalu itauma, ndiye kuti yatha. Imatulidwe, guluu wakale apalidwe, chitsulo kapena thabwa liunikidwe ndi kupentedwa, kenako paikidwe yatsopano. Kumata yatsopano pamwamba pa yoola kuli ngati kuvala suti pachilonda chosatsuka.

Phunziro lake silithera padoko

Mabanja ambiri a m'matauni ngati Dedza, Mchinji, Balaka kapena Mzimba mwina sadzagonako m'chipinda cha boti. Komabe madzi amatsata malamulo omwewo kumtunda. Chibanga chofiirira cha pasiling'i ya m'chipinda chochezera chikunena za msomali wa lata umene labala wake watha, ndipo kuchipaka laimu kapena penti sikuletsa mtanda wa denga kuola. Madontho akuda kuseri kwa sofa amene wagunda khoma nyengo ya mvula akunena kuti pakufunika mpata woti mphepo idutse. Matiresi oyalidwa pasimenti, kunyumba kapena kusukulu yogonera komweko, amanyowa kunsi ndi thukuta la mwana yemweyo, ndipo amafuna mphasa, matabwa ndi dzuwa. Nsalu ya kudenga la minibasi imene yathimbirira pamwamba pa khomo ikunena za labala wakutha kapena keriyala yomangidwa poboola denga.

Konseku dongosolo ndi limodzi: kufunsa kumene madzi achokera, kutseka, kuumitsa, kenako kuchapa ndi mankhwala oyenera bangalo, amodzi pa nthawi.

Udindo uli pa anthu angapo. Mwini boti ayenera kuzolowera kuyendera zipinda ndi tochi mvula yoyamba ikangogwa, ndi kuphunzitsa antchito ake kuti banga latsopano ndi nkhani yokanena kwa kaputeni, osati yobisa ndi katani. A Dipatimenti ya Marine, amene amayendera maboti asanawapatse chilolezo, angachite bwino kumayang'ananso kudenga la zipinda ndi pansi pa mipando, chifukwa pamenepo ndi pamene pamaonekera mmene boti likusamalidwira masiku amene woyendera kulibe. Sukulu yophunzitsa za pamadzi ya ku Monkey Bay ndi malo okhomera maboti ngati a ku Mpwepwe ku Mangochi ndi oyenera kuika nkhani ya chinyezi m'mitu ya achinyamata amene adzayendetse ndi kukonza maboti a mawa.

Wapaulendo naye ali ndi mbali yake. Nsomba ziikidwe m'chidebe chosadontha, zovala zonyowa zisayanikidwe m'chipinda, zenera litsekulidwe nyanja ikakhala bata, ndipo mwana akasanza antchito auzidwe nthawi yomweyo m'malo motembenuza khushoni. Akaona banga lonyowa kudenga, kapena akamva fungo la mafuta kapena utsi, ali ndi ufulu wofunsa kaputeni mwaulemu kuti, "Bambo, kodi madzi awa akuchokera kuti?" Funso limeneli ndi lothandiza kuposa kukadandaula kwa anansi atatsika.

Mwini boti amene angayankhe funsolo poloza bawuti imene wasintha ndi silikoni watsopano padenga ndi woyenera kumukhulupirira ngakhale nsalu yake itakhala ndi chipsera chakale. Amene angayankhe poonetsa nsalu yoyera mbee, yonunkha Jik koma yonyowabe ikakhudzidwa, ndi amene banja lokwera ndi ana liyenera kumufunsanso kachiwiri lisanalipire.